Wotchi ya a Handibuleki

Kudepoti ya mabasi a maulendo ataliatali kunali dalaivala wina amene anzake ankamutchula kuti a Handibuleki. Dzinali linabwera chifukwa bambowa akakhala pansi, akhala basi, ngati galimoto yoimitsidwa ndi handibuleki. Ngakhale foni yawo ilire patebulo lapafupi, ankadikira munthu wodutsa kuti awapatsire. Koma pachiwongolero panalibe wowaposa. Zaka makumi awiri ndi zinayi anayendetsa basi osakandako ngakhale penti, ndipo madalaivala atsopano ankatumizidwa kukakhala pambali pawo kuti akaone mmene munthu amalowera pakona ali ndi miyoyo makumi asanu ndi limodzi kumbuyo kwake. Zaka zomwezo ndi zimene zinawakuza mimba mpaka inayamba kukhudza chiwongolero, ndipo mpando wawo anachita kuubweza m'mbuyo kawiri.

Kampaniyo inali ndi lamulo lakuti dalaivala aliyense aziyezedwa m'thupi kamodzi pachaka, m'kachipinda ka namwino kuseri kwa garaja. Chaka chimenecho kunabwera namwino watsopano, mayi wochepa thupi amene sankadziwa kuseka pantchito. Anawamanga lamba pamkono, napopa, nayang'ana makina. Kenaka anamasula n'kuyambiranso, poganiza kuti makinawo alakwitsa. Atayeza kachitatu anangokhala pansi, kukamwa kuli yasa. Anawauza mosapita m'mbali kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, shuga wayamba kukwera, ndipo munthu wotere akhoza kugwera pachiwongolero basi ili pa liwiro. Atawauza kuti akwere ndi kutsika pakabenchi kakafupi kwa mphindi zitatu, a Handibuleki sanamalize ndi imodzi yomwe.

Chigamulo chinatuluka tsiku lomwelo. Anapatsidwa miyezi itatu yokhala kunyumba, mapiritsi, ndi pepala la masewera olimbitsa thupi. Akadzakhoza mayeso pakutha pa miyeziyo, adzalandiranso makiyi a basi yawo. Akadzalephera, ndiye kuti chiwongolero atsanzikana nacho mpaka kalekale.

Namwino uja anawafotokozera modekha kuti kulimba kwa thupi kuli pangapo. Pali mtima ndi mapapo, zimene zimalimba munthu akamayenda ndawala kapena kukwera masitepe. Pali minofu, imene imafuna kunyamula ndi kukankha. Palinso mfundo za m'thupi, zimene zimauma munthu akapanda kumadziwongola. A Handibuleki anamudula pakamwa, nati iwo amanyamula okha tayala la basi, ndiye asawatenge ngati nkhalamba. Namwinoyo anayankha kuti nyonga zonyamulira tayala si mpweya wokwerera chitunda.

"Injini ikagona usiku wonse, mumangoiliza n'kuiponda moto?" anawafunsa.

"Ayi, timayamba taitenthetsa."

"Thupi n'chimodzimodzi. Muyambe ndi mphindi khumi ndi zisanu, masiku asanu pamlungu, ndipo musayiwale tsiku lopuma. Tizidzawonjezera pang'onopang'ono."

Kenaka anawaveka wotchi yakuda yowerenga mapazi amene munthu waponda komanso kugunda kwa mtima wake. Anati azibwera nayo pakatha milungu iwiri iliyonse kuti aziona pakompyuta mmene zikuyendera.

M'mawa mwake a Handibuleki anaganiza zothana ndi miyezi itatu yonseyo pa tsiku limodzi. Zotenthetsa thupi anaziona ngati zachibwana. Anavala nsapato zawo zakuntchito, natuluka pageti ndi liwiro ngati akuthamangitsa wakuba. Anakafika pakona pamene pali wometa tsitsi, ndipo apo ndi pamene anakumbatira mtengo wa magetsi, maso ali tong'o, mpweya ukuwatuluka ndi mluzu. Wometa tsitsi uja anaimitsa makina ake n'kufunsa ngati aitane galimoto. Anthu amene anali pamzere anaseka mpaka kugwira nthiti. Masiku atatu otsatira bambowa ankatsika sitepe ya pakhonde chammbali, akubuula, ndipo anauza aliyense wofuna kumva kuti iwo ndi munthu wa injini, zothamanga n'za ana asukulu.

Akazi awo anali telala wosokera pakhonde. Nawonso zaka zokhala pamakina zinali zitawalemeretsa thupi. Mawondo ankawalira akamadzuka, ndipo poyanika zovala ankapumira kawiri asanamalize chingwe chimodzi. Tsiku lachinayi amuna awo anavula wotchi ija n'kuiika pamwamba pa nsalu imene mayiwa ankadula. Anati popeza iwo amapita kumsika kukagula ulusi ndi mabatani, palibe chovuta kuti aziivala popita.

Mayiwo anaika sizasi pansi, nawayang'ana nthawi yaitali ngati akuona mlendo.

"Bambo, wodwala ndinu, ndiye jakisoni ndibayidwe ine?"

"Wotchi ilibe maso, mayi. Sidziwa mkono wa mwamuna kapena wa mkazi."

Anapitiriza kuti ntchito yeniyeni agwira ndi mapiritsi, ndipo namwino uja amangofuna manambala oti akaonetse mabwana. Anawakumbutsanso kuti akachotsedwa pachiwongolero palibenso ntchito ina imene iwo amaidziwa. Apa mpamene mayiwo anagonja. Ine sindiwayeretsa, chifukwa nawonso anadziwa kuti akuphimba chilonda ndi nsalu yoyera. Koma mantha oona mwamuna wawo atakhala pakhomo opanda kolowera anawakulira, ndipo anatenga wotchiyo n'kumanga lamba wake pabowo lomalizira.

Itatha milungu iwiri, a Handibuleki anamasula lambayo kuti awakwane, napita kudepoti. Namwino anayang'ana pakompyuta n'kupukusa mutu. Anati mapazi alipo ambiri, koma mtima sukukwera konse, ndipo uku ndi kuyenda kwa munthu woyang'ana malonda. Chimene iye ankafuna ndi ndawala, yoti munthu azitha kuyankhula koma osatha kuimba. Bambowa anavomera mwaulemu wonse, nanyamula malangizowo osataya liwu ndi limodzi lomwe, n'kukawatula kwa akazi awo.

Choncho bodza lija linayamba kufuna thukuta lenileni. Mayiwo ankadzuka m'mawa, kuyenda pang'onopang'ono mphindi zisanu kuti thupi litenthe, kenaka n'kutola ndawala mpaka kukazungulira pa sukulu. Mlungu woyamba ankabwera atatheratu, n'kukhala pa sitepe osatha ngakhale kuvula nsapato. Tsiku lina analira, nati iwo zawakwana. Amuna awo anawanyengerera ndi kapu ya madzi ozizira imene anachita kutuma mwana wa eni nyumba yoyandikana nayo kuti abweretse. Koma telala ndi munthu wa muyezo. Akauzidwa kuti mainchesi makumi atatu, sadula makumi atatu ndi imodzi. Pepala likati mphindi makumi awiri, mayiwa ankayenda makumi awiri ndendende, ndipo likati apume ankapumadi.

A Handibuleki ankakhala pampando wawo pakhonde, pepala lili m'manja, ngati kapitawo. Mlungu wachisanu namwino anawonjeza masitepe, ndipo mayiwo anayamba kukwera ndi kutsika mlatho wa anthu oyenda pansi umene uli pamwamba pa msewu waukulu. Anawonjezanso za minofu, zimene wotchi sikanatha n'komwe kuziona, koma mayiwo anati akayamba chinthu sachisiya theka. Ankanyamula mabotolo awiri a madzi, kukhala ndi kudzuka pampando kakhumi osagwira, n'kumalizira ndi kudziwongola atagwira khoma. Amuna awo ankawawerengera mokweza, n'kumawadzudzulanso kuti awongole msana. Mlungu wachisanu ndi chitatu kunabwera zosinthasintha liwiro, mphindi imodzi mofulumira kwambiri, ziwiri pang'onopang'ono, kubwereza kasanu ndi kamodzi.

Anthu a mumsewu umenewo anayamba kuona zachilendo. Mawondo a telala uja anasiya kulira. Madiresi ake anachita kuwabweza kawiri pamakina ake omwe. Amayi obwera kudzasoketsa ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa monong'ona ngati akudwala kapena wapeza mankhwala ena ake. Munthu mmodzi yekha amene sanaone kanthu ndi mwamuna wake. Chimene iye anaona n'chakuti chakudya chayamba kuchepa mafuta, ndipo anadandaula nazo kwambiri.

Kudepoti namwino ankachita kudabwa. Pakompyuta pankaoneka mtima umene poyamba unkagunda mofulumira ngakhale munthu atakhala phee, koma tsopano unkagunda modekha, ndipo ukakwera chifukwa cha masitepe unkatsika msanga. Chimodzi chokha chinkamuvuta, chakuti sikelo sinkasuntha. Atafunsa, a Handibuleki anati kubanja kwawo onse ndi olemera mafupa. Popeza mapiritsi anali atatsitsako kuthamanga kwa magazi, namwinoyo anadzitonthoza kuti nthawi zina sikelo imachedwa kuvomera. Anasindikiza manambala aja n'kuwamata pabolodi kuti madalaivala ena atengerepo phunziro.

Apa ndiye bambowa anamera mapiko. Tsiku lobwera ndi wotchi ankakhala mukantini, anzawo atawazungulira, n'kumawaphunzitsa kuti munthu sathamanga thupi lili lozizira, kuti katundu amawonjezedwa pang'onopang'ono, kuti minofu imakula pa tsiku lopuma, ndiponso kuti ukasiya milungu iwiri zonse zimayamba kubwerera m'mbuyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti zonse zimene ankanenazo zinali zoona. Panalibe dalaivala wodziwa za masewera olimbitsa thupi kuposa iwo, ndipo panalibenso amene anali atakhala pansi nthawi yaitali kuposa iwo.

Kutatsala mlungu umodzi kuti mayeso achitike, akazi awo anasiya kusoka n'kuwakhazika pansi. Anawapempha kuti akaulule kwa namwino, apemphe miyezi ina, ayambe pamene anayenera kuyambira. Anati iwo ali okonzeka kumayenda nawo limodzi, ngakhale kuwagwira dzanja. A Handibuleki anaseka, nati mayeso ake ndi kabenchi kaja basi, ndipo mphindi zitatu si kanthu kwa munthu amene amakhala maola khumi pachiwongolero. Adzangoluma mano n'kumaliza. Mayiwo anabwerera pamakina awo, koma tsiku limenelo anasoka mkono wa malaya motembenuza.

Tsiku la mayeso mayiwo anaumirira kupita nawo chifukwa mtima wawo sunali m'malo. Anakhala pabenchi pafupi ndi khomo la maofesi, kachikwama kali pamiyendo. Atangolowa m'bwalo, a Handibuleki anapeza gulu la anthu likuwadikira. Namwino anali ataitana abwana oyang'anira madalaivala pamodzi ndi madalaivala asanu ndi atatu amene nawonso anali atauzidwa kuti achepetse thupi. Anati kabenchi kaja n'ka oyamba kumene, ndipo munthu amene wakhala akukwera mlatho kwa milungu isanu ndi iwiri sangamuchititse manyazi nako. Mayeso awo adzakhala kukwera masitepe a nyumba ya maofesi, nsanjika zitatu, kukwera ndi kutsika katatu.

Apa mpamene panali mpata womaliza wonena zoona. Bambowa anayang'ana abwana awo, anayang'ana anzawo amene ankawaphunzitsa mukantini aja, ndipo manyazi anawatseka pakamwa. Namwino anaona kuti wotchi ikusonyeza mtima wothamanga munthu asanayambe n'komwe, koma anaganiza kuti ndi mantha a mayeso.

Nsanjika yoyamba anaikwera mwamatama, anzawo akuwomba m'manja kumbuyo. Yachiwiri anaikwera atagwira chitsulo cha m'mbali, thukuta lili kamukamu, milomo itayamba kutuwa. Namwino amene ankakwera pambali pawo anasuzumira pawotchi, ndipo zimene anaona sanazikhulupirire. Anawauza kuti aime. Iwo anapukusa mutu n'kuponda sitepe ina, kenaka ina. Atafika pokhotera kupita kunsanjika yachitatu anagwira pachifuwa, mawondo anapindika, ndipo chimunthu chonse chija chinagwa chagada, mutu n'kumenya pakhoma.

Amuna asanu ndi anayi anaima ngati mitengo, wina manja ali m'mwamba momwe ankawombera muja. Namwino anagwada, namasula mabatani a malaya, n'kukuwa kuti wina athamangire kuchipinda chake akatenge chikwama chofiira ndi kabotolo ka mpweya, wina aimbire ambulansi. Madalaivala aja anayang'anana. Kuchipindako kunali kutsidya kwa bwalo lonse, kuseri kwa garaja, ndipo aliyense wa iwo anali atatha kale mpweya pongokwera nsanjika ziwirizo. Awiri anayamba kutsika mwakachetechete atagwira chitsulo.

Asanafike n'komwe pansi, munthu wina anali atadutsa kale pakati pa mabasi. Anali mayi aja. Anali atamva kugwako ndi mawu a namwino ali pakhomo, ndipo anataya kachikwama n'kuliyatsa liwiro. Amakaniko anasiya masipanala n'kumayang'ana mayi wa zaka makumi asanu akudumpha paipi ya madzi, kulowa m'kachipinda kaja, n'kutulukamo chikwama chili paphewa, botolo la chitsulo lili m'manja. Anawapitirira madalaivala awiri aja pa sitepe yachitatu, nakwera nsanjika ziwiri ndi theka osaima. Atatula katunduyo anagwada pafupi ndi mwamuna wawo, nayamba kumuuza namwino mayina a mapiritsi amene bambowa amamwa ndi nthawi imene anamwa m'mawa umenewo, mawu awo osadukaduka.

Ambulansi itafika, anthu asanu ndi mmodzi ndi amene anatsitsa a Handibuleki pamachira. Mayiwo ali pafupi kukwera, namwino anawagwira mkono. Sanawakoke, anangoika zala ziwiri pamtsempha n'kuyang'ana wotchi yake. Anawerenga kanthawi, nkhope yake ikusintha. Mtima umene ankaumva pansi pa zala zakewo ankaudziwa bwino, popeza anali atauyang'ana pakompyuta kwa miyezi itatu.

"Mayi, wotchi ija ankavala ndani?"

Mayiwo anangoweramitsa mutu, misozi ili chuchuchu. Namwino anausiya mkonowo pang'onopang'ono, nakhala pansi pa sitepe, atagwira pakamwa. Abwana ndi madalaivala onse anali atamva funsolo, ndipo panalibe amene anafunikira yankho.

A Handibuleki sanafe, ngakhale kuti anapita pafupi. Adokotala anati mtima wawo wavulala, ndipo sangalembe kalata yowalola kunyamulanso anthu pamsewu. Abwana nawo anatumiza uthenga wakuti matenda akanawamvetsa, koma dalaivala wonama pa za thanzi lake waika pachiswe aliyense amene akanakwera basi yake. Makiyi anapatsidwa kwa mmodzi wa madalaivala amene iwo anawaphunzitsa kulowa pakona.

Namwino anabwera kudzawaona kuchipatala tsiku lachitatu. Anali wokwiya, ndipo mkwiyo wina unali wa pa iye mwini, chifukwa anakhulupirira kompyuta kusiya munthu amene ankakhala patsogolo pake milungu iwiri iliyonse. Sanakhale pansi n'komwe.

"Mukanandiuza kuti zakukanikani, ndikanakubwezani pa mphindi zisanu, ndipo lero bwenzi muli pamsewu. Ine ndinakukwezani masitepe a munthu wina, bambo. Mukanandifera m'manja."

A Handibuleki anatembenukira kuwindo, popeza bedi lawo linali m'nsanjika yachinayi, moyang'anana ndi malo oimika magalimoto. Itakwana nthawi yoona odwala, anaona mayi wina akudutsa pakati pa magalimoto, basiketi ili m'manja, msana uli chilili, akupitirira anthu onse amene analowa naye pageti. Mumtima anati alipo mwamuna wamwayi m'chipatala muno amene akumufulumirira chonchi. Sipanapite nthawi, mayi yemweyo anatulukira pakhomo la wodi, naika basiketi pakabati ya pambali pa bedi lawo. Anati chikepe chinali ndi mzere wautali, ndiye angokwera masitepe.

A Handibuleki anadzuka pang'ono, nawayang'ana akazi awo monga mmene sanawayang'anire kwa zaka zambiri. Anaona khosi, anaona mapewa, anaona diresi limene ankalidziwa koma litabwezedwa m'chiuno. Anadikira kuti mayiwo akhale pansi n'kuyamba kupuma mwabefu monga ankachitira kale, koma iwo anali ataima, akutsegula fulasiki. Apa mpamene bambowa anagwidwa ndi mantha enieni, oposa a pamasitepe paja, pozindikira kukula kwa chimene anataya.

"Mayi," anatero, "ndiye kuti pepala lija limagwiradi ntchito?"

"Limagwira, bambo. Si inu nomwe munkandiwerengera?"

Bambowo anaphimba nkhope ndi chinsalu cha pabedi, nalira ngati mwana, odwala anzawo akuyang'ana kumbali. Mankhwala onse anali m'manja mwawo, ankawadziwa pamtima, ndipo anawapereka okha kwa munthu wina tsiku ndi tsiku kwa miyezi itatu.

Masiku ano a Handibuleki amayenda m'mawa uliwonse, pang'onopang'ono, akazi awo atachepetsa liwiro kuti afanane nawo. Anayambira pa mphindi zisanu, ndipo tsopano amafika pamlatho uja, ngakhale sanayambe kuukwera. Basi yawo yakale ikamadutsa pansi pake, dalaivala watsopanoyo amawaimbira hutala mwaulemu, iwo n'kukweza dzanja, koma pachiwongolero sadzakhalaponso. Wotchi inanamizidwa, kompyuta inanamizidwa, namwino ndi abwana omwe ananamizidwa, koma matupi awiri a m'nyumba imodzi ananena poyera amene anakhetsa thukuta ndi amene anangogwira pepala. Akuluakulu sananame pamene anati padutsa khasu sipanama.